Kanyumba ka kumbuyo: kodi mpaka ndikagwade ku khonsolo pa malo anga omwe?

Bambo a Yamikani: Odi pa gulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Ndili ndi malo kuseri kwa Chitakale, ndinagula mu 2015, kalata ya amfumu ilipo, mboni zinasaina. Nyumba yaikulu ndinamanga kale, ndi momwe tikukhalamo. Kumbuyo kwatsala mamita ngati 12 kuchokera pa khomo la khitchini kukafika pa mpanda wa aneba. Pamenepo ndikufuna kumangapo kanyumba ka zipinda ziwiri. Chipinda china ndi cha amayi anga. Nyumba yawo inagwa ndi namondwe wa Freddy kumbali ya Muloza, ndiye chichokereni 2023 akugona pa balaza pathu, m'mawa ana akamathamangira ku sukulu amachita kuwalumpha pa mphasa. Zimandichititsa manyazi. Chinacho ndichititse lendi kuti ndizipezako ya sopo. Njerwa ndaotcha kale, uvuni uli pompo. Dzulo tikukhoma zikhomo ndi kukoka chingwe, aneba atulukira pa mpanda, ati mukangokumba maziko ndikakunenezani ku khonsolo, mulibe pulani. Anthuni, malo anga, njerwa zanga, mayi anga. Khonsolo ikubwerapo pati?

Kabaza Wachangu: Mangani madala. Kumba usiku, kukacha khoma lili m'chiuno. Khonsolo yake iti yoyenda kuseri kwa nyumba za anthu? Mafuta a galimoto awapeza kuti?

Anganga a Thoko: Ife tinakula pakhomo pali nyumba ya makolo, kuseri kuli kuka, uko kuli gowelo la anyamata, mkamwini akabwera amamuloza pomanga. Palibe anapita ku boma kukapempha. Zayamba liti zoti mwana azipempha chilolezo choti asunge mayi ake?

Wamapulani: Anganga, zayamba kale, kungoti kumudzi sizinkafika. Ndifotokoze mmene lamulo lilili, kenako aliyense aone yekha. Kale tinali ndi lamulo la 1988 la Town and Country Planning Act. Limenelo linkagwira ntchito m'malo okhawo amene boma lalengeza kuti muno mumangidwe motsata mapulani, makamaka m'mizinda ndi m'matauni. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a za malo, limodzi mwa iwo ndi Physical Planning Act. Lamulo limeneli linati dziko lonse la Malawi tsopano ndi malo oyendera mapulani. Ndiye pa pepala, kumanga nyumba yatsopano kumafuna chilolezo, ndipo kanyumba ka kumbuyo nako ndi nyumba, kaya mukatche boyizikota, kaya ka agogo. Omanga popanda chilolezo atha kupatsidwa kalata yoimitsa ntchito, ndipo zikavuta atha kulamulidwa kugwetsa.

Zoona zake n'zakuti m'midzi yakutali palibe amene amayenda ndi tepi kuyeza gowelo. Koma Chitakale si kumudzi kwenikweni. Ndi pamsika, pafupi ndi boma, nyumba zathithikana, ndipo inuyo muli kale ndi munthu wolonjeza kukakunenezani. A khonsolo nthawi zambiri sayamba okha, amabwera poti wina wadandaula.

Kabaza Wachangu: Ndiye kuti vuto si lamulo, vuto ndi aneba. Agulireni Fanta.

Mayi a Pemphero: Mundilole ndiyankhule ngati aneba, poti pano aliyense wakhala mbali ya omanga. Ine ndimakhala ku Thyolo, pansi pa anzanga ena, malo athu ndi otsetsereka. Anzangawo anamanga timanyumba ta lendi tinayi kumbuyo kwawo, khoma linakhala pa malire penipeni, malata n'kudutsa kulowa kwanga. Chilimwe chonse tinkapatsana moni bwinobwino. Mvula itayamba, madzi onse a padenga lawo ankagwera tsinde la khitchini yanga ya zidina. Usiku wa namondwe wa Ana, mu Januwale 2022, ndinamva phokoso ngati ng'ombe yagwa, kutuluka ndi tochi khoma lonse lili pansi, mapoto ndi ndowa ya ufa zili pansi pa dothi. Nditapita kukadandaula anati ndi mvula, si ife. Mpaka lero sitiyankhulana, ana athu amasewera mobisa. Ndiye Bambo a Yamikani, musanakwiyire aneba anuwo, tiuzeni: chingwe chanucho chadutsa patali bwanji ndi mpanda wawo? Nanga denga lipendekera kuti?

Bambo a Yamikani: Mayi a Pemphero, mwandigwira pakhosi. Chingwe chadutsa ngati phazi limodzi kuchokera pa mpanda. Ndimafuna pakati patsale bwalo loyanikapo zovala ndi chimanga. Denga ndimaganiza la mbali imodzi, lopendekera kumbuyo, kuti madzi asamabwere pa khomo pathu.

Mayi a Pemphero: Ndiye kumbuyoko ndi kwa ndani?

Bambo a Yamikani: Kwa anebawo.

Nachisale wa pa Luchenza: Hahaha, mlandu watha wokha. Achimwene, anebawo si mfiti ayi.

Mmisiri wa pa Nkando: Ndakhala ndi chipande m'manja zaka zoposa makumi awiri, ndipo timanyumba ta kumbuyo ndi tomwe timandidyetsa kuposa nyumba zazikulu. Bambo, phazi limodzi ndi lochepa ngakhale aneba akanakhala mbale wanu. Taganizani: pulasitala wa kuseriko mumenya mutaima pati? Chiswe chikayamba kukwera khomalo mudzachiona bwanji? Mpata wopapatiza choncho umasanduka dzala, makoswe ndi njoka zimagona momwemo, ndipo khoma silimauma chifukwa dzuwa silifikapo. Kuno ndi ku Mulanje, chiperoni chikagwa masiku anayi khoma lotero limamwa madzi mpaka mkati, amayi anu azidzagona ndi fungo la nkhungu. Ine pa ntchito yanga ndimakana kuyamba ngati sipakudutsa wilibala momasuka, ndipo ndimakonda mita imodzi ndi theka kapena kuposa. Muyeso weniweni wa lamulo akakuuzani ku ofesi ya mapulani molingana ndi dera lanu, koma wa phazi limodziwo palibe angakuvomereni.

Denga litembenuzeni. Lipendekere ku bwalo lanu, muike cholandira madzi m'mphepete mwa malata, madziwo agwere mu thanki kapena m'migolo, otsala muwatsogolere ndi ngalande ya simenti kukafika ku ngalande ya msewu. Akazi anu adzakuthokozani, madzi ochapira pakhomo pomwepo.

Kwinaku ndinene za maziko poti nyumba ya amayi inagwa ndi madzi. Nyumba zambiri zomwe ndinaona zitagwa nthawi ya Freddy, kupatula zomwe zinakokoloka ndi napolo, zinayambira pansi. Maziko osaya, omanga ndi dothi, opanda pulasitiki. Madzi akaima tsiku limodzi njerwa ya pansi imafewa, khoma n'kukhala pansi ngati munthu wotopa. Ngati simenti ndi yochepa, ithereni ku maziko. Mizere ya pansi mumange ndi simenti mpaka itakwera bwino pamwamba pa nthaka, muyale pulasitiki wakuda, kenako muzipitiriza. Pamwamba pa mawindo muzungulize bimu ya konkire ndi zitsulo, denga mulimangirire ku bimuyo ndi waya. Penti ndi siling'i zidikire chaka chamawa, sizigwetsa nyumba.

Bambo a Yamikani: Amisiri, ndikasuntha mita imodzi ndi theka bwalo litha.

Mmisiri wa pa Nkando: Chepetsani zipinda. Amayi sakufuna holo. Mamita atatu mbali zonse, bedi, mpando, kabati, zakwana. Kakhonde kakang'ono kutsogolo koti aziwotherapo dzuwa n'kumasenda nandolo.

Mjoni wa pa Limbuli: Nkhani imeneyi yandikhudza chifukwa ine pano ndikulemba ndili m'chipinda cha kumbuyo. Amalawi ambiri kuno ku Joni timakhala kuseri kwa nyumba za eni dziko. Pabwalo pomwe ndili pali zipinda zisanu ndi ziwiri, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi. M'mawa timachita mzere ngati pa chigayo. Mwini wake amadya ndalama za lendi bwinobwino koma paipi ya chimbudzi inapangidwira banja limodzi, ndiye mwezi sutha isanatseke. Ndisanabwere kuno ndinakhalako ku Cape Town. Kumeneko khonsolo inaona kuti anthu sangasiye kumanga kumbuyo, ndiye inasintha malamulo ake n'kulola nyumba yachiwiri pa puloti imodzi, kenako mpaka yachitatu. Koma pulani amafunabe, sikuti ungodzuka n'kuyamba kukumba.

Nachisale wa pa Luchenza: Mwana wa achemwali anga ndi namwino ku California, amanena zofanana. Nyumba kumeneko zinadula mpaka boma la chigawocho linayamba kukakamiza makhonsolo kuti azilola timanyumba ta kumbuyo. Kuyambira 2020 khonsolo siingakuuze kuti usiye mpata woposa mapazi 4 kumbali ndi kumbuyo, ndipo kanyumba koima pakokha kamatha kufika masikweya fiti 1,200. Ndinaseka nditamva, chifukwa kanyumba kawo ka kumbuyo n'kokula kuposa nyumba ya aphunzitsi yomwe ndikukhala ine. Koma taonani, ngakhale kumene akuchita kukuchonderera kuti umange, mapazi anayi akusiyabe. Inu mumafuna limodzi.

Kabaza Wachangu: Mwayamba za ku America. Kumeneko khonsolo imatola zinyalala, imakonza misewu. Kuno ukapita ndi pulani akuuza bwera mawa, bwana apita ku maliro, bwera Lachisanu, bwana ali ku semina ku Mangochi.

Che Malunga a pa Bvumbwe: Apa Kabaza sananame kwenikweni. Ine ndinatsata njira yonse pomanga sitolo ndi chipinda kumbuyo kwake. Ndinalipira wojambula, ndinalipira ya kuunika pulani, lisiti ndili nalo mpaka lero. Ku ofesi ina, sinditchula, ndinayenda maulendo asanu ndi limodzi. Ulendo wina fayilo yasowa, wina komiti sinakhale poti palibe ndalama ya nkhomaliro. Mmodzi anandinong'oneza kuti mukaikapo kenakake ziyenda. Ndinakana, osati chifukwa ndine woyera, ndalamayo ndinalibe. Ndikudikira choncho, mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndalama yomwe ndinasungira matumba makumi anayi a simenti sinakwanenso. Chilolezo chinatuluka, koma chipinda cha kumbuyocho mpaka pano chili pa windo.

Wamapulani: Che Malunga, zimenezo zimachitika ndipo sindingaziikire kumbuyo. Kuchedwa kwa maofesi ndi kumene kumaphunzitsa anthu kumanga usiku. Malangizo anga kwa aliyense: chilichonse mwalipira tengani lisiti la khonsolo, pepala lililonse mwapereka sungani kope lake lodindidwa tsiku lomwe alandira. Ndalama ya m'manja musapereke, chifukwa amene walandirayo akasamutsidwa mumatsala opanda umboni.

Bambo a Yamikani, zomwe amafuna kawirikawiri ndi izi. Umboni woti malowo ndi anu. Chithunzi cha puloti yonse choonetsa malire, nyumba yomwe ilipo kale, pomwe pakhale yatsopano, chimbudzi, ndi njira yolowera. Kenako pulani ya kanyumbako, yojambulidwa ndi munthu wodziwa ntchitoyo. Poyang'ana amaona ngati simunadye malire, ngati simunadzaze puloti yonse ndi nyumba, ngati zipinda zili ndi mawindo olowetsa mpweya, ndi komwe madzi oipa akupita. Muwauzenso zoona kuti chipinda china ndi cha lendi. Ndipo ngati malo anu ali pa lizi ya ku Unduna wa za Malo, werengani zomwe analemba mu liziyo, chifukwa ena amalembamo kuti pamangidwe nyumba imodzi yokhalamo.

Bambo a Yamikani: Lizi ndilibe. Ndi kalata ya amfumu basi, yolemba pamanja pa pepala la m'kope.

Wamapulani: Ndiye ndi malo a makolo. Pansi pa Customary Land Act ya 2016, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2018, malo otero amatha kulembetsedwa m'dzina lanu kapena la banja kudzera ku komiti ya za malo ya kwa agulupu. Komitiyo wapampando wake ndi agulupu, mamembala ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Kwa anzathu ku Phalombe anayesako kale kulembetsa kotere. Poyamba yambani ndi amfumu omwe anasaina kalata yanu, abwere aloze malire inu ndi aneba muli pomwepo.

Anganga a Thoko: Ine ndabwereranso, chifukwa pali funso lomwe amuna nonsenu mwalidumpha. Bambo a Yamikani, amene anakugulitsani malowo ndi mwamuna kapena mkazi? Ndipo alongo ake anasaina?

Bambo a Yamikani: Anali bambo, Anganga. Anasaina iwo, amfumu, ndi anzawo awiri.

Anganga a Thoko: Hmm. Mwana wanga, kuno kwathu nthaka imayenda ndi akazi. Mwamuna ndi mwinimbumba, amayang'anira, koma dothi ndi la alongo ake ndi ana a alongowo. Ndaona ndi maso angawa atsibweni atagulitsa munda kuti akagule njinga yamoto, patapita zaka ana a mlongo wawo akula, abwera ndi nkhope zouma kudzati malo a amayi athu. Wogula anali atamangapo kale nyumba ya malata. Nkhani inatha zaka kwa amfumu. Ndipo amadikira dala kuti uyambe wamanga, chifukwa munthu wa nyumba sathawa. Amfumu akamabwera kudzaloza malire, muitanenso akazi a ku banja lomwe munagulako. Aone, avomere pamaso pa anthu, adinde chala. Nkhuku imodzi ndi thobwa sizingakusaukitseni.

Ndipo poti ndinayamba ndi kunyoza za chilolezo, ndibweze pang'ono mawu anga. Kale gowelo tinkamanga popanda kufunsa chifukwa mbali zonse kunali abale, ndipo malo analipo. Madzi a padenga lako akagwera kwa mlongo wako, mumakambirana pa mtondo. Lero mbali iyi ndi tiyi wa esiteti, mbali iyo ndi phiri, pakati tapanikizana ndi anthu ochokera kwina, wina wa ku Nsanje, wina wa ku Mzimba, wina wa ku Milanje kutsidya. Palibe mtondo wotikumanitsa.

Nachisale wa pa Luchenza: Anganga mwanena. Ndionjezere za amuna a chikamwini omwe ali pagulu pano akungowerenga mwakachetechete. Mukamamanga nyumba za lendi kuseri kwa apongozi ndi ndalama zanu za ku Joni, dziwani pomwe mwaima. Banja likatha mumatuluka ndi chikwama, malata simuzula.

Mjoni wa pa Limbuli: Asisi, mwandilasa dala. Ndatumiza kale ndalama ya malata 24.

Kabaza Wachangu: Pepani amwene, mwamangira mlamu wanu wa mtsogolo.

Woyang'anira gulu: Tiyeni tibwerere ku nkhani ya Bambo a Yamikani. Za maukwati tidzatsegula tsiku lake.

Wazaumoyo wa kumudzi: Palibe watchula chimbudzi mokwanira, ndiye ndilowepo. Bambo, panopa pakhomo panu mulipo angati, ndipo chimbudzi ndi chotani? Madzi mumamwa a kuti?

Bambo a Yamikani: Tilipo asanu ndi awiri ndi amayi. Chimbudzi ndi chokumba, chili pakona ya kumbuyo komweko, chatsala pang'ono kudzadza. Madzi ndi a mpopi, koma akasiya timatunga pa chitsime cha aneba omwewo.

Wazaumoyo wa kumudzi: Ndiye onani mmene zakhalira. Malo omwe mukufuna kumangapo ndi omwe munayenera kudzakumbapo chimbudzi chatsopano. Mukamanga, chatsopanocho mukumba pati? Mukabweretsa wa lendi ndi mkazi wake ndi mwana, mwafika khumi pa dzenje lomwe latsala pang'ono. Ife timalangiza kuti chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime mamita 30, ndipo chikhale kumunsi kwa chitsimecho, osati kumtunda. Kuno nthawi ya dzinja madzi a pansi amakwera, dzenje ndi chitsime zimayamba kumwerana. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sinayambe yachitikapo yoopsa chotero, ndipo ife amene tinkayenda ndi kolorini khomo ndi khomo tinkaona kuti mabwalo othithikana a lendi ndi omwe ankavuta. Musanajambule chipinda, jambulani chimbudzi, bafa ndi dzenje la zinyalala. Chimbudzi cha amayi chikhalenso pafupi ndipo chopanda masitepe, munthu wamkulu usiku mvula ikugwa sangayende mtunda.

Komanso musamange pamwamba pa dzenje lakale mutangolikwirira. Dothi lake limatitimira pakapita nthawi, khoma limang'ambika.

Mmisiri wa pa Nkando: Zoona zimenezo. Ndinakonzapo chipinda china chomwe pansi pake panabowoka pakona, bedi n'kupendekeka. Titaswa simenti tinapeza ndi chimbudzi cha kalekale. Wa lendi anasamuka tsiku lomwelo osatsanzika.

Che Malunga a pa Bvumbwe: Za magetsi nazonso muganizire pano. Kugawana mita ndi wa lendi ndi chiyambi cha udani. Mayunitsi akatha usiku aliyense amaloza mnzake, uyu ati muli ndi mbaula ya magetsi, uyo ati firiji yanu ndi yakale. Ngati mungathe, kafunsireni mita yake ku ESCOM, ngakhale idikiritse. Ndipo mawaya akoke munthu wa satifiketi, osati mnyamata wongodziwa kulumikiza. Zomadutsitsa waya pa mtengo wa mapeyala kupita kuseri zija zaotcha nyumba zambiri.

Bambo a Yamikani: Anthuni, ndinabwera ndi funso limodzi, ndikubwerera ndi mitolo. Malire, mbumba, denga, chimbudzi, mita. Kanyumba ka zipinda ziwiri kokha?

Mayi a Pemphero: Zonsezo zinalipo kale Bambo, kungoti aneba ndi amene anayamba kuziona.

Mjoni wa pa Limbuli: Funso langa kwa Wamapulani. Malo a apongozi anga ali m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Muloza. Kumbuyo kulibe malo, ndiye timafuna timange kutsogolo, chipinda ndi kaokala. Pamenepo bwanji?

Wamapulani: Pamenepo samalani kwambiri. Umenewo ndi msewu wa M2, ndipo misewu ikuluikulu yotero ili ndi malo ake osungidwa, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Mukamanga m'menemo mwamanga pa malo a msewu, kaya amfumu avomere kaya akane. Mwaonapo nyumba ndi maokala olembedwa X wofiira m'mbali mwa misewu? Tsiku lokuza msewu zimagwetsedwa, ndipo womanga mophwanya lamulo asayembekezere chipukuta misozi. Tumizani munthu akayeze ndi tepi malata aja asanakhomedwe.

Chimodzimodzi m'mbali mwa mitsinje. Likhubula, Ruo, Muloza, Lichenya, m'chilimwe imaoneka yofatsa. Akuluakulu akukumbukira napolo wa ku Phalombe mu 1991, ife taona Freddy mu Malichi 2023. Miyala yomwe ili mbwee m'minda ya m'tsinde mwa phiri sinamere pamenepo, inabwera ndi madzi, ndipo njira yomwe inadzera madziwo saiiwala. Kanyumba ka kumbuyo kawirikawiri kamamangidwa pa malo otsala, ndipo malo otsala nthawi zambiri amakhala otsika, oyang'ana kukhwawa. M'menemo ndi momwe timagonekamo agogo ndi ana.

Kabaza Wachangu: Apa ndiye ndakhala chete.

Nachisale wa pa Luchenza: Lembani tsiku, Kabaza wakhala chete.

Anganga a Thoko: Bambo a Yamikani, chinthu china. Amayi anuwo mwawafunsa? Kapena mukungowamangira ngati khola? Ena a ife sitifuna kukhala khoma limodzi ndi mlendo wa lendi woliza wailesi mpaka pakati pa usiku.

Bambo a Yamikani: Sindinawafunse, Anganga. Ndimati ndiwadzidzimutse.

Anganga a Thoko: Munthu wogona pa balaza, uvuni akuuona pa windo tsiku ndi tsiku, mumudzidzimutsa bwanji? Kawafunseni.

Bambo a Yamikani: Odinso pagulu, papita milungu itatu, ndabwera kudzapereka lipoti poti munandithandiza.

Ndinayamba ndi amayi. Anati chipinda akuchifuna, koma khomo lake liyang'ane ku khitchini kwathu kuti aziona adzukulu, ndipo wa lendi sakumufuna pafupi. Ati ngati ndi ndalama, iwo aziphika zitumbuwa. Ndiye za lendi zagwa, kwatsala chipinda chimodzi ndi kakhonde, kenako bafa ndi chimbudzi pambali.

Kwa aneba ndinapita ndekha Lamulungu madzulo, opanda Fanta. Poyamba anandilandirira pa khomo, mpando osandipatsa. Nditanena kuti denga ndalitembenuza ndipo ndisuntha chingwe, anaitana mwana kuti abweretse mpando. Nkhawa yawo yaikulu sinali denga ngakhale, chinali chitsime chawo. Ankaganiza kuti ndikumba chimbudzi chatsopano pafupi nacho, ndipo kunena zoona ndi pomwe ndikanakumba. Tayeza limodzi ndi chingwe, mamita 30 sakukwana paliponse kumbuyoko, ndiye chimbudzi chipita kutsogolo kumanzere, kumunsi, komwe ndimati ndidzaikeko galaja ya galimoto yomwe ndilibe.

Amfumu anabwera Loweruka. Ndinaitana a ku banja lomwe ndinagulako monga ananenera Anganga. Kunabwera azimayi atatu, wamkulu wawo ndi ndodo. Anayenda malire onse osayankhula, kenako anaima pa chitsa cha mtengo wa mango n'kunena kuti malire a amayi awo ankathera apa. Chitsacho chili kumbali yanga, phazi limodzi ndi theka kuchokera pa mpanda. Ndiye kuti mpanda womwe ndakhala ndikuutcha malire zaka zonsezi unalowa kwa aneba, ndipo chingwe changa chija chinali pa malo awo. Aneba sananene kanthu, anangondiyang'ana. Takhomapo zitsulo ndi simenti m'makona onse anayi, azimayi aja adinda zala pa kalata yatsopano, amfumu adinda chidindo. Nkhuku zinapita ziwiri, osati imodzi.

Ku khonsolo ndapitako kamodzi. Andiuza zoti ndibweretse, ndipo mnyamata wina amene anaphunzira zojambula mapulani akundijambulira. Lisiti loyamba ndasunga m'Baibulo. Ndikuopa zomwe anaona Che Malunga, koma njerwa sizionongeka, ndaziphimba ndi pulasitiki.

Che Malunga a pa Bvumbwe: Simenti musagule yambiri mukudikira, imauma m'matumba ndi chinyezi cha kwanuko. Gulani malata ndi zitsulo, zimenezo zimadikira.

Mayi a Pemphero: Mwachita bwino kupita nokha. Anzanga aja akanabwera ngakhale kamodzi.

Kabaza Wachangu: Ndiye munalanda malo a aneba zaka zonsezi, n'kubwera pano kudzatiuza kuti ndi ovuta? Madala, Fanta ija muwagulirebe, kireti yonse.

Mmisiri wa pa Nkando: Njerwa zotsala pa chipinda cha lendi chija musagulitse. Mumangire dzenje la chimbudzi kuyambira pansi mpaka pamwamba, dothi la kumunsiko ndi lofewa, lopanda njerwa lidzagumuka dzinja loyamba. Pulani ikatuluka mundiuze m'bokosi, ndidzabwere ndione malowo tisanagwirizane mtengo. Mchenga muyambe kututa mwezi uno mitsinje isanadzadze.